Kabati Yokhoma ndi Malovu a Fomu 2

Vero mwana wanga,

Kodi anayambitsa ndani lamulo lakuti zida za sayansi zizikhala m'kabati yokhoma? Ndafunsa aphunzitsi anzanga, ndafunsa akuluakulu, yankho ndi limodzi: zingasweke. Nanga bwanji poto sitimukhomera m'kabati poopa kuti angade? Iweyo wakhoza mayeso a Fomu 4 utajambula maikulosikopu mokongola, chiwalo chilichonse ndi dzina lake, koma diso lako silinasuzumiremo ndi kamodzi komwe. Mawa ukukwera sitima pa Balaka kupita kukoleji kukaphunzira uphunzitsi wa sayansi, ndipo ukadzamaliza adzakutumiza pasukulu pomwe kabati yotereyi ikukudikira kale pakona, loko ali lende. Ndiye ndati ndikuuziretu.

Usaseke kuti ndikukulembera malangizo ngati nkhalamba. Ndikudziwa kuti timasiyana zaka zisanu ndi zinayi zokha, ndipo pamsika amatiyesa munthu ndi mng'ono wake. Koma chimwalirireni achemwali anga, mayi ako, amene wakhala akukumeta, kukukalipira ndi kusayina malipoti ako akusukulu ndine. Ndine mayi ako, khala pansi umve. Kalatayi ndikulemba masana ano pamene wapita kukatsanzika kwa anansi, ndipo ndiiika pansi pa zovala m'sutikesi mwako. Pa positi iyayi, maenvulopu a masiku ano amatseguka okha m'njira. Ukawerenga usaonetse anzako a m'chipinda.

Sabata yonseyi wandiona ndikupsereza ndiwo ndi kuyankha zosagwirizana, ndipo ndimakuuza kuti ndi mutu. Si mutu. Ahedi athu, a Malunga, andipatsa mpaka mawa eyiti koloko kuti ndiwapatse kalata yopepesa, apo ayi alembera ku unduna kuti ndine mphunzitsi wosamvera. Wakula tsopano, ukudziwa kuti mawu akuti "wosamvera" akalembedwa pa pepala la boma sathera ku unduna kokha. Ntchito itha kundithera, ndipo munthu amene yamuthera mwa njira imeneyo anthu amasiya kumupatsa moni. Kalata yopepesayo ndayiyamba kasanu, kasanu konse ndang'amba. Ndiye ndati ndiyambe yakoyi, mwina dzanja lingafewe.

Nditafika pasekondale ino ya kufupi ndi Ulongwe chaka chatha, digiri ikutentha m'chikwama, ndinkaganiza kuti pofika Khirisimasi aphunzitsi a boma lonse la Machinga azidzabwera pa njinga kudzaonera momwe ndikuphunzitsira. Pamsonkhano woyamba wa aphunzitsi sindinadikire kuti andiloze. Ukuwadziwa a Jumbe, bambo a ndevu zoyera aja amene aphunzitsa sayansi ndi zaulimi pano iwe usanabadwe. Ndinanyamula kope lawo la manotsi, mapepala ake ofiira ngati fodya woyanika, ndi kunena kuti, "Bwana hedi, ana sangadziwe sayansi pokopera kope lomwe linabadwa ine ndisanabadwe." A Jumbe anavula magalasi, nawapukuta pang'onopang'ono, nati, "Zikomo, Abiti Digiri. Mutiphunzitse." Dzinalo linandimata tsiku lomwelo, mpaka lero ogulitsa chimanga pamsewu amandiitana choncho. Vero, ukafika pasukulu yatsopano, mwezi woyamba pakamwa pako pazidutsa moni ndi tiyi basi. Zomwe ndinanenazo zinali zoona, koma zoona zonenedwa tsiku loyamba zimakhala ngati mchere wothira munthu m'diso. Usunge zimenezi, uona pamene zinandipweteka.

Sabata yachiwiri ndinapita kukapempha kiyi wa kabati. A Malunga anandiyang'ana ngati ndapempha chipewa chawo. Anati zidazo zimatuluka akabwera a insipekitala, aziona kuti zilipo, kenako zimabwerera. Ndinatuluka mu ofesi ndikutukutira, ndipo ndinakachita zomwezo zomwe ndinanyoza a Jumbe: kulemba pa bolodi, ana n'kumakopera. Tsiku lina m'Fomu 2 ndinalemba kuti nsomba ikatuluka m'madzi imafa posachedwa, chifukwa singapume mpweya wa kumtunda. Mtsikana wina dzina lake Halima, kwawo ku Chiuta, bambo ake oyanika ndi kugulitsa nsomba, anaimika dzanja.

"Madamu, kupatula mlamba."

"Buku silinanene zopatula."

"Mwina bukulo silinafikeko ku Chiuta, madamu."

Kalasi yonse inaseka, ine ndinamupatsa tsache akasese bwalo. Patapita masiku angapo bambo ake anabwera ndi malonda ku Ulongwe, ndipo m'mawa mwake Halima analowa m'kalasi ndi thumba lonyowa, nalikhutula patsogolo pa tebulo langa. Mwana wanga, mlamba wotalika ngati mkono wanga, wochoka m'madzi dzulo lake, unayamba kudzikoka pa simenti kulunjika kukhomo ngati wachedwa basi. Mayi ako a digiri ndinapezeka ndili pamwamba pa mpando, ndagwira diresi. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Madamu, tilembe kuti wafa?"

Nditatsika, tinabwereka mpeni kukhitchini n'kuutumbula. Pamwamba pa zopumira zofiira zija za m'mbali mwa mutu tinapeza kanthu konga kamtengo ka nthambi zambiri, ndiko kamene kamauthandiza kupuma kumtunda. Ana anapanikizana kuti aone, ndipo belu litalira palibe anatuluka. Chomwe chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti madzulo ake ndinatsegula manotsi anga a ku yunivesite, ndipo nkhani ya mlambayo inalimo, yolembedwa ndi dzanja langa. Ndinailoweza, ndinakhoza nayo mayeso, koma sindinaidziwe. Vero, usanalembe kanthu pa bolodi, funsa kaye ana zomwe aona kwawo. Mwana wa msodzi, mwana wa wophika kachasu, mwana wa wowotcha njerwa, onsewa abwera ndi theka la silabasi m'mutu, kungoti alibe mayina ake a Chingerezi. Ndipo mwana akakutsutsa, usamupatse tsache. Uzinena kuti, "Sindikudziwa, tiyeni tione." Mawu amenewa saphetsa mphunzitsi. Ine ndawanena kambiri, ndidakali moyo.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasanduka wotola zinthu. Ukukumbukira mabotolo aja ndinadzaza pakhonde, ndi nyemba zomera m'makapu athu a tiyi. Koma changu changa sichinathe, ndipo ndicho chandifikitsa pano. Lachiwiri lapitali ndinafuna kuonetsa Fomu 2 kuti chakudya chimayamba kugayidwa m'kamwa, kuti malovu amasandutsa sitachi, uja ali mu ufa ndi m'chinangwa, kukhala shuga. Ndinalawirira kuphika chinangwa, n'kuchiduladula, n'kugawira aliyense kachidutswa. Ndinati, "Tafunani, osameza, mpaka mumve kutsekemera." Theka la kalasi linatafuna. Theka lina linangoyang'ana chinangwacho pa desiki ngati chaluma.

"Kodi mwagontha? Ndati tafunani!"

Palibe anachigwira.

"Amene satafuna atuluke!"

Anayamba kuimirira mmodzimmodzi, mwaulemu, opanda wong'ung'udza. Halima ndiye anatsalira pakhomo n'kunena motsitsa kuti, "Madamu, ndi Ramadani. Tikusala."

Vero, ine wokulira ku Balaka, wodya futali kwa anzanga a Chisilamu chaka ndi chaka, ndinali nditamva anthu pamsika akukamba za kuoneka kwa mwezi, koma mutu wanga wonse unali m'chinangwa. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Pamene ndimapepesa ndi kuwabweza m'kalasi, anzawo osasala anali atameza zawo, n'kuthandizanso za anzawo osalawo, ndiye phunziro lonse linali m'mimba. Mwana wanga, kalendala ya sukulu si yokhayo yopachikidwa mu ofesi. Uzidziwa mwezi wosala, uzidziwa nthawi ya zinamwali, uzidziwa tsiku la msika. Ana sabwera m'kalasi kuchokera m'buku, amachokera kunyumba.

Pamenepo Halima yemweyo anati, "Kutafuna iyayi, madamu, koma ngati ndi malovu mukufuna, tili nawo. Tikungolavula pachabe tsiku lonse." Mutu wanga unayaka. Zoona! Phala la ufa m'timachubu ta galasi tiwiri, kena kothira malovu, kena ayi, kenako kudonthezera ayodini, mankhwala omwe amadetsa chilichonse chokhala ndi sitachi. Palibe wodya, aliyense aona ndi maso. Koma timachubu ndi ayodini zinali m'kabati, ndipo kiyi anali m'thumba mwa a Malunga, amene tsiku limenelo anaitanidwa kumsonkhano wa chipani ku Liwonde. Munthu wanzeru akanadikira mawa lake. Ine ndinauza ana kuti andidikire, n'kukabwereka sikuludiraiva kwa wokonza njinga pamsewu. Loko sindinamukhudze. Ndinangomasula mahinjesi, chitseko chonse n'kupendekeka, loko ali wotseka bwinobwino.

Ukudziwa zomwe ndinapeza? Timachubu tili m'mapepala momwe tinabwerera. Maikulosikopu ili m'bokosi lake, kangaude atamangapo nyumba ya zipinda zitatu. Ndipo botolo la ayodini, lomwe ndinachotsera chitseko cha boma, linali louma gwa, pansi pake patangotsala kachizindikiro kakuda. Zinthu zosungidwa kuti zisathe zinatha zokha. Ndinathamanga kukachipatala kathu kukapempha ayodini wothira pa zilonda, ndikupuma ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo adokotala anandifunsa kuti wavulala ndani. Ndinati palibe, koma pofika madzulo alipo avulale.

Phunzirolo, Vero, linatheka. Phala lopanda malovu linada bii titangodonthezera. La malovu, titalifunditsa m'manja kwa kanthawi, linakana kuda. Ana anakuwa ngati chalowa chigoli. Anayamba kukangana okha: nanga malovu a munthu wosala ndi a wosasala amasiyana? Nanga tikawawiritsa? Nanga a mbuzi? Palibe limodzi mwa mafunso amenewa lomwe ndinawapatsa ine. Ndinati yesani. Ndiye tangoganiza: ana makumi anayi, aliyense kachubu ka boma m'manja, akulavuliramo mwakhama, chitseko cha kabati chitatsamira khoma, ndi pamene a Malunga analowa, khadi la chipani likusuzumira m'thumba la malaya. Kachubu kamodzi kokha ndiko kanasweka tsiku limenelo. Kanagwa m'manja mwanga.

Mu ofesi a Malunga sanakweze mawu, ndipo ndicho chinandiopsa.

"Amayi, loko uja ndi wa boma."

"Lokoyo sindinamukhudze, bwana."

"Musandiphunzitse. Mwalowa m'nyumba ya eni pochotsa khoma, ndiye mukuti simunalakwe chifukwa chitseko chili bwino?"

"Koma ana aona ndi maso, bwana. Ayodini wanu anauma, bwenzi..."

"Anauma ali m'kabati. Chinthu chikauma chili m'kabati, palibe amandifunsa. Chikasweka chili panja, amalemba dzina langa."

Anandiuza kuti ali mphunzitsi wamng'ono kusukulu ina, mwana anaswa chida choyezera kutentha, ndipo a insipekitala analemba dzina lawo. Anzawo onse anakwezedwa iwo ali pomwepo. Nditamva zimenezi mkwiyo wanga unaphwa pang'ono, koma pakamwa panga sipanamve uthengawo. Ndinati, "Ndiye ana onse a boma lino alipire chida chimodzi chija mpaka liti?" Apo ndi pamene anatulutsa pepala n'kunena za eyiti koloko ya Lolemba. Vero, munthu wamkulu akakuuza pomwe panamupweteka, usapondepo. Wokhoma kabati nthawi zambiri si woipa, ndi wamantha, ndipo wamantha ukamuchititsa manyazi amangogula loko wachiwiri.

Lachisanu a Jumbe anandipeza m'kalasi ndikuyang'ana chitseko chija. Anakhala pa desiki, naseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

"Abiti Digiri, mukanangokankha kabatiyi pang'ono kuichotsa kukhoma. Thabwa la kumbuyo chiswe chinadya kalekale, ndinatsekapo ndi katoni. Magalasi okulitsa zinthu aja ndimatulutsa Lolemba, kubwezera Lachisanu, zaka ndi zaka. Mukuganiza kuti ana anga tizilombo ta m'chimanga amationera pati?"

Ndinasuzumira. Kumbuyo kunalidi katoni ya sopo.

"Nanga ahedi akudziwa?"

"Ahedi amadziwa kuti loko ndi wotseka."

"A Jumbe, chaka chonsechi ndikuvutika, bwanji simunandiuze?"

"Paja munati mutiphunzitsa. Ndimadikira."

Waona tsono, mwana wanga? Munthu amene ndinamunyoza tsiku loyamba ndiye anali ndi zomwe ndimafuna, ndipo kope lake lakalelo linali chophimbira chabe. Usadzayese mphunzitsi ndi kope lake, kamuonere akuphunzitsa pansi pa mtengo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya lokwanira banja lonse, iwe usadzadyenso.

Koma ndikuuzenso china, ndipo apa ndi pamene dzanja langa limakanira. Njira ya a Jumbe ndi yanzeru, yawasungira ntchito, ndipo ana awo aona zinthu. Koma ine sindinaphunzire zaka zonse zija kuti ndizilowera kumbuyo kwa kabati ngati khoswe. A Jumbe akadzapuma, katoni ija idzatsala yokha, wobwera pambuyo sadzadziwa. Ndikufuna iwe ukadzafika pasukulu yako, kiyi azidzakhala pa msomali, osati m'thumba mwa munthu. Ndikapepesa zonse, ndiye kuti ndavomera kuti ana aja analakwa kuona phala likusintha. Ndikapanda kupepesa, mawa ndilibe kalasi, ndipo mphunzitsi wopanda kalasi sasintha kanthu, amangolongolola pakhonde. Kukoleji akakuphunzitsa kulemba ndondomeko ya phunziro, koma izi sakakuphunzitsa: momwe ungakhalire wouma mutu popanda kuchotsedwa ntchito. Inenso ndikuphunzira kumene.

Zina zing'onozing'ono ndisanaiwale. Chilichonse ufuna kuchita pamaso pa ana, yamba wachiyesa wekha kunyumba, ndipo botolo lililonse uziligwedeza kaye. Atsikana uziwapatsa mpeni ndi machesi m'manja, chifukwa ukangoti "ndani abwere kutsogolo" anyamata amafika usanamalize. Chingerezi cha mayeso uwapatse ndithu, koma pambuyo poti chinthucho achigwira. Dzina limamata bwino pa chinthu chomwe mwana wachiona. Ukapeza mnyamata kukolejiko, akhale woti ukamufunsa chifukwa chake nsabwe za m'masamba zimakonda kunsi kwa tsamba, aziti "tiyeni tikaone," osati woyankha msanga. Madiresi ako ndawatsitsa mipendero, asadzakubweze pachipata. Ndipo uzilemba makalata, koma za nyengo ndi za mayeso zokha. Zina tidzakamba pa tchuthi.

Ndaima kaye apa, ndikumva dzanja lafewa.

Ndabwerako, Vero. Sindinathe kudikira eyiti koloko ya mawa, umandidziwa. Ndalemba masamba awiri. Loyamba ndapepesa chifukwa cha chitseko, chifukwa cha kachubu ndinaswa, ndi chifukwa cha pakamwa panga mu ofesi, ndipo zonsezi ndapepesa ndi mtima wonse. Pa tsamba lachiwiri ndalemba pempho lakuti kabati izitsegulidwa Lachiwiri ndi Lachinayi, ndi kuti chilichonse chosweka dzina lolembedwa lizikhala langa, osati la ahedi. Ndinadzera kwa a Jumbe. Anawerenga kawiri, napuma mozama, nati, "Abiti Digiri, mundiphetsa ndili pa kusala," kenako anasayina pansi pa dzina langa.

A Malunga ndinawapeza pakhonde akumvera wailesi. Tsamba loyamba analiwerenga akugwedeza mutu mokondwa. Atafika pa tsamba lachiwiri mutu unaima. Kenako anafunsa ngati mawu akuti dzina lizikhala langa ndingawanenenso pamaso pa a insipekitala. Ndinati ndidzawanena ndisanapatsidwe ndi mpando womwe. Anapinda mapepalawo, nati kalata ya ku unduna salemba, koma kiyi sachoka m'thumba mwawo. Lachiwiri abwera okha kudzatsegula, akhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo akadzaona zachibwana, basi. Za Lachinayi anati tiona. "Ndipo chitseko chibwerere lero."

Chabwerera. A Jumbe anagwirira, ine ndikumanga, iwo akundifulumiza kuti dzuwa likulowa, futali akuwadikira. Chapendekeka pang'ono koma chikutseka. Pa bolodi la Fomu 2 ndalemba kuti Lachiwiri aliyense abwere ndi madzi m'kabotolo, a m'chithaphwi, a pachitsime, a kudambo, tidzawaone pa maikulosikopu. Pobwerera ndinadzeranso kwa a Malunga, kukhomo la kukhitchini, n'kupempha mayi a kunyumba kwawo kuti andithirireko madzi a mu mtsuko womwe bambo amamwa. Anandifunsa ngati kwathu madzi atha. Ndinati iyayi, amayi, awa ndi a Lachiwiri. Kabotoloko kali pano patebulo, ndakamata pepala la dzina la a Malunga, ndipo woyamba kusuzumira adzakhala iwowo.

Uyende bwino, mwana wanga.

Ndine mayi ako aang'ono,
Kilara